Tsiku Limene Agogo Anatsitsa Miyala M'lole

Ndikakumbukira agogo anga aakazi, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la tayala lakupsa. M'munsi mwa phiri ku Bangwe amuna ankayatsa matayala akale pa thanthwe kuti ling'ambike, ndipo utsi wakuda uja unkalowa m'tsitsi, m'zovala, ngakhale m'madzi akumwa. Zibenthu zikagwa, amayi ankazigula n'kumaziphwanya kuti zikhale miyala ya konkire. Agogo ankakhala pansi atatambasula miyendo, mwala atautsekera m'kamphira kuti usathawe, ndipo kuyambira m'mawa hamala yawo inkangoti kho! kho! kho! Zikhadabo ziwiri za dzanja lawo lamanzere zinali zitaleka kumera.

Tinkakhala awiriwiri m'chipinda cha lendi, mayi anga ali ku Lilongwe pa ntchito ya m'nyumba. Matipate anali atangobwera kumene. Mipanda ya njerwa inkamera paliponse, sopo ndi shuga zinkakwera mwezi ndi mwezi, koma mtengo wa wilibala ya miyala unali pomwepo.

Ogula anali ndi kachitidwe kawo. Ankafika ndi lole, n'kugwirizana nanu mtengo, anyamata awo n'kupakira mulu wonse, kenaka mtengo uja ankautsitsa miyala ili kale m'mwamba. Ankadziwa kuti mayi wotopa sangatsitse zimene zakwera.

Chilimwe china eni nyumba anatiuza kuti mwezi ukatha popanda lendi, achotsa chitseko. Chiyembekezo chathu chonse chinali mulu umene agogo anauswa mwezi wathunthu. Loweruka kunabwera kapitawo wa kampani ina yomanga ndi lole ndi anyamata ake, anagwirizana mtengo ndi agogo, miyala yathu n'kupakiridwa bwinobwino. Atatha, kapitawo uja anatapa pang'ono m'manja n'kupukusa mutu.

“Mayi, miyala yanuyi yachuluka fumbi. Ndikupatsani theka.”

“Theka? Nanga a Juma apa dzana munawapatsa theka? Thanthwe lake si lomweli?”

“Ajawo ndi abambo, ali ndi banja lodyetsa.”

Agogo anandiloza ndi hamala. “Nanga uyu ndi mbuzi? Bambo, tsitsani miyala yanga.”

Anyamata aja anaseka mpaka wina anagwira m'mimba. Kapitawo anati, “Matipate akulowani m'mutu eti? Mukafuna, tsitsani nokha.”

Agogo anamanga chitenje mothina, anaponda tayala la lole, n'kukwera. Fosholo anaipeza momwemo. A Nambewe, amene ankaswa moyandikana nawo, anakuwa ali pansi: “Anzanga, landirani zomwezo! Chitseko chipitatu!”

“Chipite,” anatero agogo. “Chitseko n'cha eni ake. Miyalayi ndi yanga.”

Anayamba kutaya miyala pansi, fosholo ndi fosholo, osathamanga, fumbi loyera likuwakuta nkhope mpaka thukuta linalemba mizere m'masaya. Hamala zonse pamalopo zinakhala chete. Patapita nthawi a Nambewe anatukwana chapansipansi, n'kukwera nawonso ndi beseni. Kapitawo ataona kuti dzuwa likupendeka anawonjezera mtengo pang'ono, kenaka pang'ono penanso, koma osafika pamene anagwirizana. Agogo sanacheuke. Lole inachoka yopanda kanthu.

Chitseko chinapitadi. Eni nyumba anabwera ndi kalipentala n'kuchizula ife tikuona. Agogo anapachika chiguduli pakhomo, mphasa yawo n'kuisunthira pamenepo, hamala kumutu. Ana a pa mdadada wathu ankandiseka kuti timakhala m'khola. Nditadandaula, agogo anangoti, “Manyazi ndi a wakuba. Idya ugone.”

Mulu uja anaugulitsa ndi ndowa kwa anthu omanga zimbudzi ndi makhonde, ndipo chitseko chinabwerera mvula yoyamba itagwa kale. Ogula sanasanduke anthu abwino, mtengo wa wilibala sunakwere. Koma pa mulu wa agogo panalibenso amene ankagwira fosholo ndalama zisanalowe m'mfundo ya chitenje chawo.

Lero ndine kalaliki. Ndingadwale sabata, malipiro amabwerabe, pamene agogo tsiku lodwala linali tsiku la njala. Nditamanga kanyumba kanga ku Machinjiri, ndinatenga hamala yawo ija, mpini utachita kusalala ndi thukuta. Alendo amadabwa kuiona ili pansi pakhomo. Ntchito yake ndi kugwira chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Chitsekocho ndi changa, ndipo palibe amene adzachizule.