Njere ya Masau ndi Eyakoni ya Abwana

Inali njere ya masau yomwe ndinaiyamwa mpaka kuyera. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo ankatsuka galimoto ya abwana awo pabwalo pathu ku Nchalo, ine nditakhala pampando wakutsogolo ngati mwini wake. Ndinaikankhira njereyo m'kazenera kotulukira mphepo yozizira kuti ndione ngati mphepoyo ingailavule. Inangoti kho, n'kugwera m'kati. Sindinauze munthu.

Patapita masiku atatu, eyakoni ya galimotoyo inasiya kuziziritsa.

Bambo anali dalaivala wa munthu wina wogula ng'ombe ku Chapananga. Abwanawo anali onenepa, odwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi wa Okutobala kwathu ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Tsiku lomwe eyakoni inawonongeka bambo anafika malaya atamatirira kumsana. Ndili kuseri kwa nyumba ndinawamva akuuza amayi mawu omwe abwana anasiya pokwera lole ya ng'ombe: "Loweruka ndipeze galimoto ikuzizira. Madalaivala ndi ambiri." Amayi ankapeta mapira. Anasiya lichero pansi, nkhuku n'kuyamba kujompha, iwo osazithamangitsa.

Sabata imeneyo chakudya sichinkandikoma. M'kalasi aphunzitsi ankalemba pabolodi, ine ndikuona njere yanga ikuyenda m'mapaipi, ikutseka paliponse. Ndinkaona tikusamuka, mphasa pamutu, kupita kwa achibale ku Makhanga komwe madzi amalowa m'nyumba. Lero ndikudziwa kuti njere singachite zimenezo. Koma mwana amene wabisa mlandu amaganiza kuti chilichonse choipa padziko chachokera m'manja mwake.

M'mawa uliwonse bambo ankaimika galimoto pansi pa mtengo wa nimu n'kutsegula boneti. Ankaliza injini, kudina batani la eyakoni, kenako kupendeketsa mutu, kudikira kuti kompuresa, makina opopa gasi, inene kuti tha. Sinkanena kanthu. Anakanikiza lamba ndi chala, anali wolimba. Anatunga madzi pamjigo n'kutsuka kutsogolo kwa rediyeta komwe kunadzaza phulusa la nzimbe zootchedwa. Madziwo anayenderera akuda bii mpaka kukhola. Atalizanso injini, mphepo inatulukabe yofunda ngati mpweya wa ng'ombe. Bambo akada nkhawa ankalankhula Chisena cha kwawo. "Nkhabe," ankatero motsitsa, kutanthauza kuti palibe chasintha. Liwu limenelo ndinalimva kambirimbiri.

Lachinayi nditaweruka anandiitana. Ndinati basi, adziwa. Koma anangondipatsa kafyuzi kofiira m'manja. "Tione ngati kusukulu mukuphunziradi. Nambala yake ndi chiyani? Nanga kawaya kam'katimo kaduka?" Tinazula mafyuzi onse, imodzi imodzi, ine ndikuwerenga manambala ake. Panalibe yoduka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma nditaona thukuta likudontha pachibwano chawo, ndinatseka.

Lachisanu amalume, mchimwene wa amayi amene ankakonza mafiliji pamsika, anabwera atamangirira botolo la gasi panjinga. Anathira gasi pang'ono, bambo n'kuliza injini. Kompuresa inati tha! Mphepo inazizira kanthawi, kenako inafundanso. "Alamu, gasi akuthawa penapake," anatero amalume. Anazimitsa injini, anasungunula sopo m'chitini n'kupaka thovu m'mapaipi onse. Bambo anati ine mutu wanga ndi waung'ono, ndisuzumire m'munsi. Chitsulo chinkawotcha tsaya, fungo la oyilo ndi sopo lili m'mphuno. Polumikizira mapaipi awiri ndinaona thovu likufufuma, kuphulika, kufufumanso.

Ndinaganiza kuti njere yanga ndiyo yaboola. Ndinalira mokweza n'kunena zonse.

Amalume anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. "Njere yakoyo ilibe mlandu, mphwanga, ili phee m'bokosi la mphepo. Ndi kamphira kotsekera aka, kauma ndi kutentha." Bambo sanaseke, sanandikalipirenso. Anawerama pomwe ndinawerama ine, nkhope pafupi kwambiri ndi mapaipi, n'kukhala nthawi yaitali. Kenako anandipatsa dzanja lawo. "Thovulo lili pati? Tenga chala changa uchiike pomwepo."

Thovulo linali lalikulu ngati dzira la nkhunda, pamaso pawo penipeni. Ndinawagwira chala n'kuchiika. Amalume anasiya kuseka.

Anasintha kamphirako, anadzaza gasi, ndipo dzuwa lisanalowe m'galimoto munazizira mpaka manja anga kuchita tsembwe. Amayi anabwera kudzaika chikhatho pakazenera kamphepo. Bambo anandigwira pamutu. "Takhuta, mwananga," anandithokoza. Loweruka abwana anakwera, anatseka chitseko, ndipo ntchito ya bambo inapitirira.

Ine mtima unakhala pansi. Ndinadya mpaka amayi kundiletsa. Kusukulu ndinauza anzanga kuti bambo amandidalira kuposa amalume, chifukwa kuyambira pamenepo ankandiitana kudzawerenga chilichonse: ndodo yoyezera oyilo, makalata a galimoto, ngakhale vesi la m'Baibulo.

Bambo anayendetsa galimoto ija mpaka mvula yoyamba itagwa, kenako anakabweza makiyi kwa abwana mwa kufuna kwawo, popanda wowachotsa. Achipatala anati ndi ng'ala, m'maso onse awiri, ndipo inayamba kale. Ine ndinkangodabwa kuti eyakoni ikuzizira bwinobwino, nanga bambo asiyiranji ntchito. Sindinkadziwa kuti nthawi yonse ija ankakwera mapiri a Thabwa akuona msewu ngati uli mu utsi, ndiponso kuti Lachisanu lija, pomwe ine ndinkaulula zanga ndikulira, iwo anali ataulula zawo pamaso pa mlamu wawo ndi chala chimodzi.