Mbuzi Imene Ndinapha Ndekha

Ndisanayambe kugulitsa nyama ndinkagwira ntchito ya njanji pa Balaka. Kunyamula zitsulo, kusinja miyala, kutukwanidwa. Nkhondo ya azungu inali itangotha. Sukulu ndinalekeza panjira ku mishoni, ndiye za ukalaliki sindinkazilota n'komwe. Chimene ndinkafuna n'chakuti m'mawa ndizidzuka ndekha, popanda munthu wondilizira wezulo.

Tsiku limene ndinatsanzika, kapitawo wathu anaseka. "Pita ukalemere," anatero. "Fosholo yako tikusungira. Udzabwera chipewa chili m'manja." Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka.

Kwathu ndi ku Phalula, koma ndinakwatira cha kwa Kalembo ndipo ndinkakhala chikamwini. M'mbali mwa msewu wopita ku Mangochi munali kamsika ka Loweruka. Pamenepo ndinazika nsichi, kufolera udzu, kugubuduzira chitsa chodulirapo nyama. Sikelo ndinagula yakutha kwa Mmwenye wa pa siteshoni. Butchala yanga inali yomweyo.

Mayi a kunyumba anandichenjeza. "Kuno si ku Phalula, bambo. Mbuziyo muitanire munthu." Ndinati mbuzi ndi yanga, mpeni ndi wanga. Ndinaipha monga tinkaphera kwathu: kuigwetsa, bondo panthiti, mpeni pakhosi, basi.

Nyama inali yonona. Anthu ankabwera, kuyang'ana, kuyamikira mafuta. Kenako funso: "Wazinga ndani?" Ndikati ndine, ankathokoza mwaulemu n'kumapita. Anthu ambiri a kumeneko ndi Asilamu. Sadya nyama imene sinazingidwe ndi Msilamu mnzawo, ndi pemphero lake. Zimenezi ndinkazimva kale, koma ndinkayesa kuti njala ya ndiwo ithana nazo. Dzuwa linafika paliwombo nyama ili yolendewera.

Pansi pa mtengo wa mango, tsidya la msewu, panakhala mkulu wina wa mkanjo woyera ndi kofiya. Ankaphunzitsa ana Chiarabu pakhonde pake, ndiye onse ankangoti amwalimu. Anandionerera mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye anawoloka msewu.

"Iwe Mroma," anatero, podziwa kuti ndine Mkatolika, "ntchentchezi zikugula bwino?"

Ndinapitiriza kuingitsa ntchentchezo.

"Zaoneka kuti zakukonda. Zilibe funso izi."

"Mukufuna chiyani, ambuje?"

"Khosi la mbuzi Loweruka lililonse. Ine ndizizinga, iwe uzigulitsa."

Ndinati ndiganiza. Sabata imeneyo tinadya nyama mpaka kuikana. Loweruka lotsatira ndinapita ndekha kukawatenga.

Ntchito yawo ankaigwira mosathamanga, ndipo poyamba zinkandinyong'onya. Mbuzi ayambe aipatsa madzi. Aigoneke mutu cholozera kumpoto. Aisisite. Mpeni sankaunola mbuzi ikuona. Akatero ati "Bisimila," kamodzi n'kamodzi, zatha. Ine ndinkagwira miyendo.

Mpeniwo unali wa chigwiriro cha nyanga, wopyapyala ndi kunolanola. Unkabwera utakulungidwa m'kansalu, unkabwerera utakulungidwa m'kansalu. Tsiku lina ndinaupempha kuti ndidulire chingwe.

"Iyayi."

"Chingwe chokha, ambuje."

"Dzanja limenelo dzulo linagwira mbewa. Ndakuona, unkatafuna ndi mchira womwe."

"Mbewa n'zokoma."

"Ndiye uzidulire chingwe ndi mano omwewo."

Mpeni umenewo sunkagona panyumba pa munthu wina. Ngakhale mwana wawo wamwamuna sankaukhudza.

Akamaliza kuzinga sankapita. Ankakhala pa kampando pambali, khosi lawo lili m'masamba a nthochi, n'kumandidzudzula. Ine ndine munthu wosalankhulalankhula. Wogula akafika ndinkangoti, "Yochuluka bwanji?"

"Unabadwira m'thengo?" amwalimu ankatero munthuyo atachoka. "Mayi aja ayenda kuchokera kutsidya la dambo. Uyambe wafunsa kunyumba adzuka bwanji. Nkhope yakoyo ikuwawitsa nyama."

"Abwera kudzagula nyama, si nkhope."

"Ndiye ibise kuseri kwa chikopacho."

Anandiphunzitsa kuponyera kafupa ka basela, makamaka kwa amene ukuona kuti nyama wagulayo siikwana ana. Anandiphunzitsa kukwecha chitsa ndi mchenga ndi madzi otentha ngakhale palibe woyang'ana. Moni wa Chiyao ndinaphunziranso kwa iwo. Azimayi ankaseka katchulidwe kanga, koma ankabweranso, ena kudzangomva ndikuphotchola.

Aphunzitsi a mpingo wathu anandiitanira pambali titatuluka m'tchalitchi. Anati zikumveka kuti ndikulola mapemphero achilendo pa nyama yanga. Ndinati mbuziyo sinabatizidwe. Anandiyang'anitsitsa, n'kunena kuti ndiwasungire matumbo.

Zinayenda choncho zaka zingapo. Ndinafolera butchala kachiwiri, ndinagula njinga. Ndikakumana ndi kapitawo uja pa Balaka ndinkamuimbira belu.

Kenako kunabwera chaka choipa. Mvula inadula, anthu anadya ziweto zawo, zotsala zinakwera mtengo. Fisi analowa m'khola langa n'kuchita zake. Njinga ndinagulitsa. Pofika nyengo ya thonje ndinatsala ndi tonde mmodzi, wamkulu bwino. Ndinadziwa kuti ameneyo akagulika ndipeza poyambiranso. Akapanda kugulika, fosholo.

Ndipo wogula analipo. Mayi wina wamasiye, Msilamu, anali ndi sadaka ya malemu amuna ake Loweruka limenelo. Abale ankachokera kutali, ena mpaka ku Nayuchi. Anandiuza kuti ndiwasungire miyendo yonse ndi nthiti. Ndinavomera.

Lachisanu masana tonde uja anadula chingwe. Kuseri kwa nyumba kunali makoko a chinangwa chowawa amene apongozi anataya. Anawadya onse. Pamene ndinkamupeza anali atagona chammbali, mimba ili ng'ang'ang'a, thovu kukamwa, miyendo ikupalasa.

Ndinathamangira kwa amwalimu. Kunali zii. Lachisanu nthawi imeneyo amuna onse a Chisilamu ali ku mzikiti, ndipo mzikiti unali kutsidya la mtsinje. Ndinathamanga kubwerera. Maso a mbuzi anali atayamba kutembenuka. Ikafa yokha, ngakhale Mkhristu sagula. Ndinatenga mpeni wanga. Bondo panthiti, monga kwathu.

Tinaisenda awiri ndi mayi a kunyumba. Zam'kati tinakwirira. Nyama yake inali yabwino. Pamsewu panalibe munthu.

Mayi analankhula akutsuka m'manja, osandiyang'ana.

"M'mawa uja panaima lole ya thonje."

"Ndinaiona."

"Dalaivala wake anavala kofiya. Anthu anamuona akumwa madzi pano. Mukati anazinga ndi iye, adzatsutsa ndani? Pano ali ku Limbe."

Mayi aja sanali munthu wabodza. Ankangodziwa zimene zinali m'nkhokwe, ndiponso ankadziwa mmene ndinkabwerera kuchokera ku njanji, mapewa atasupuka. Ndisaname, mawu awo anandikhala bwino m'khutu. Ndinayenda nawo madzulo onse.

M'mawa amwalimu anafika ndi kansalu kawo m'khwapa. Anapeza nyama ili kale pa mbedza. Anaima.

"Wandichotsa ntchito, Mroma?"

Mayi anali pambuyo panga ndi ndowa ya madzi. Ndinamva atasiya kuyenda.

"Inkafa," ndinatero. "Inu munali ku mzikiti. Ndapha ndine."

"Ndi mpeni wa mbewa uja?"

"Womwewo."

Anakhala pa kampando kawo. Sananene kuti ndachita bwino kapena ndalakwa. Anangoti, "Ndiye lero ndionerera."

Anthu anayamba kufika, thonje atagulitsa, m'matumba muli kanthu. Poona amwalimu ali pamalo pawo, palibe amene anafunsa funso lija. Anali atasiya kalekale kulifunsa. Bambo wina analoza mwendo wathako. Amwalimu ankangoyang'ana nyerere pansi.

"Iyi sinazingidwe," ndinatero. "Ndapha ndekha."

Bamboyo anabweza dzanja. Wotsatira ndinamuuza chimodzimodzi, ndi wotsatira. Sindinalankhulepo mawu ambiri chotero pa tsiku limodzi, ndipo mawu aliwonse ankathamangitsa wogula.

Mayi wamasiye uja anafika ndi dengu lalikulu pamutu. Nditawauza, anatula dengu pansi pang'onopang'ono.

"Achimwene, anthu afika kale. Mpunga uli pamoto. Ndikawapatsa chiyani, masamba a nyemba?"

"Pepani, mayi."

"Pepani ndiye ndiika m'mbale?"

Mudzi wonse unalibe mbuzi yogulitsa. Mayiyo anayang'ana nyama, anayang'ana amwalimu. Ndikuganiza kuti mumtima ankalakalaka ndikanangokhala chete.

Nditacheuka, mayi a kunyumba panalibe. Ndinati akwiya, apita kwa amayi awo. Posakhalitsa ndinamva kulira kwa mbuzi. Anatulukira akukoka mkota wawo wa mawanga. Mbuzi imeneyo sinali yanga. Anawapatsa ndi malume awo tisanakwatirane, ndipo fisi anailephera chifukwa inkagona m'khitchini. Pa njala yonse ija anakana kuigulitsa. Ine nditangoitchula kamodzi, sanandilankhule mpaka mawa lake.

Anaponya chingwe m'manja mwa amwalimu.

"Zingani, ambuje. Msanga, ndisanasinthe maganizo."

"Mayi," ndinatero.

"Inu khalani chete. Mwalankhula kale zokwanira lero. Kaphitseni madzi mukweche chitsacho."

Ndinatsitsa nyama ya tonde, ndinakwecha chitsa, mbedza, chikwanje, sikelo. Amwalimu anapatsa mkota madzi, anausisita nthawi yaitali kuposa masiku onse. Mayi analowa m'nyumba kuti asaone. Ndinagwira miyendo.

Mkotawo unali wochepa thupi. Wamasiye anatenga pafupifupi wonse. Akusenza dengu anati, "Mukanandinamiza, ndikanadyetsa anthu chonyansa pa sadaka ya bambo a ana anga." Sanathokoze. Anangonena zimenezo n'kumapita.

Tonde uja anagulako Akhristu ochepa, aphunzitsi a mpingo ndi ena. Wotsala tinawamba pamoto. Nyama youma ija inatikwana mpaka ana anayamba kupempha therere.

Chimene ndinapeza pa mkota sichinakwane tonde wina. Chinakwana kambuzi kamodzi kowonda, kochokera ku phiri. Ndinayambira pamenepo. Masabata ena ndinkangozingitsa nkhuku. Kawiri konse ndinanyamuka kulunjika ku Balaka, n'kubwerera panjira.

Koma panali chinthu chimene chinasintha. Anthu a ziweto anayamba kundibweretsera okha mbuzi zawo kuti ndiwagulitsire, iwo ali kumunda. Anthu a ukwati ndi a sadaka ankangotuma uthenga, osabwera kudzaona. Ankati, "Kagule kwa Mroma uja amanena zoona." Dzina limenelo linandikakamira. Mvula itabwera bwino, khola linadzazanso. Mkota woyamba kugula ndinapereka kwa mayi. Anauzungulira, n'kunena kuti mawanga ake ndi oipa. Unagona m'khitchini.

Amwalimu sanaitchulepo nkhani ija. Ankabwerabe Loweruka, kutenga khosi lawo, kunditukwana za nkhope. Miyendo inayamba kuwavuta, ndiye ndinkawatenga pa njinga imene ndinagulanso. Ankakhala pa kaliyala akudandaula kuti ndikusankhira dala maenje.

Loweruka lina atamaliza kuzinga anatsuka mpeni, anaupukuta, anaukulunga. Ndiye m'malo mouika m'khwapa anaimirira pa kampando n'kuusomeka mu udzu wa denga la butchala, pamwamba pa chitsa.

"Mwaiwala mpeni, ambuje."

"Sindinaiwale. Ukundilemera."

Mpeni umenewo sunkalemera kuposa supuni.

"Ugona pano?"

"Ugona pano. Usaukhudze."

"Nanga ndikafuna kudula chingwe?"

"Ukaukhudza udzanena wekha. Ndikukudziwa. Tiye, ndikweze panjingapo."

Unakhala pamenepo zaka zonse zotsala. Denga ndinafolera kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndinkayamba ndawatenga kuti adzauchotse okha. Atamwalira anabwera mwana wawo, amene anatenga ntchito yozinga. Anafunsa za mpeni. Ndinamulozera pa denga ndi chibwano, manja ali kumbuyo.

Anausolola, anamasula kansalu, anayesa kuthwa kwake pa chikhadabo. Atazinga mbuzi ya tsiku limenelo anautsuka n'kuubwezera pomwepo.