Makapisozi amene ndinagawira alamu anga

Ziphuphu zanga zinali zija zoti ukakwera minibasi pa Nkando ana amakuloza chala. Adokotala atandilembera makapisozi amphamvu, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Osatenga mimba, osapereka magazi, osagawira munthu. Awa amalumaza mwana m'mimba." Ndinavomera zonse ngati mwana waulemu.

Nkhope itasalala, matama anandikwera. Alamu anga a Esinati, akazi a achimwene, atatuluka tiziphuphu pachibwano, ine ndinasanduka dokotala. "Imwani awa, alamu, mudzandithokoza."

Kwathu mimba yaing'ono sitiuza anthu, imadziulula yokha. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa bafa akulavula malovu, dothi la pachulu lili m'manja. Ziphuphu zija zinali za mimba!

"Alamu, aja munamwa?" ndinawafunsa.

"Ayi, ndinapita nawo kusikelo kukafunsa kaye. Anesi atawaona anakuwa, n'kundilanda. Ati chitsiru chakupatsani zimenezi ndani?"

"Ndiye munati ndani?"

"Ndinati mayi wina wa mumsika."

Achimwene atamva nkhaniyi analalatira mayi wa mumsikayo tsiku lonse. Ine m'malo moulula, ndinathirirapo ndemanga: "Anthu ena alibe mutu, achimwene." A Esinati ankangosenda chinangwa, osadzutsa nkhope.

Mwana anabadwa wathanzi. Koma mpaka lero tikafika mumsika, achimwene amaponya maso uku ndi uku kufunafuna mayi uja, ndipo ine ndimawathandiza kuyang'ana.