Dzanja la Febby

A Ennie Miti, amene mudzi wonse unkawaitana kuti amake Josiah, anabadwila ku Ndake chaka cha dzombe, ndipo sanasamukepo. Amuna ao ndiwo anachita kubwela kudzamanga pamudzi wa akazi, monga amachitila Ansenga, nayamba kulima chimanga ndi thonje. Anali mai wamfupi, woyenda mofulumila, wosadziwa kukhala pamphasa dzuwa likadali m'mwamba. Kudzanja lao lamanzele zala ziwili zinali zomatana. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anatapa ndiwo mumphika akulu asanadye, ndipo amai ao anawakulunga udzu wouma kudzanja n'kuyatsa. Chinali chilango cha mwana wakuba masiku amenewo, ndipo palibe ankachiona chachilendo.

Patapita zaka khumi ndi zisanu dziko litalandila ufulu, kalabu ya amai inawasankha kuti akaphunzile milungu iwili ku boma la Petauke. Anakwela lole ya thonje. Kumeneko anaphunzila kuyeza ana pasikelo, kuphika phala la nshawa, ndiponso kuzindikila mwana amene akuzunzidwa kunyumba: wobisa manja, wodzidzimuka munthu akangokweza mkono, wosalila ngakhale jekeseni ikulowa. Mphunzitsi atapachika chithunzi cha dzanja lopsa, a Ennie analowetsa lao m'chitenje.

Anabwelako ndi sikelo, chithunzi chija, ndi mtima wofuna kukonza zonse mvula isanagwe. Lachinayi lililonse ankapachika sikelo panthambi ya mkuyu n'kulankhula monga analankhulila mphunzitsi wa ku boma. Za phala amai ankamvetsela. Zikafika za kutentha ana, ankayamba kubeleka makanda ao.

"Amake Josiah, milungu iwili yokha ku Petauke mwabwelako anesi?" anafunsa a Sophia Daka, mai wofulula mowa, amene pakamwa pao pankaopedwa mpaka ku Nyalugwe. "Inuyo anakutenthani. Munabanso?"

"Sindinabenso."

"Ndiye mankhwala anagwila. Tiyezeleni ana tizipita, mbuzi zikutha chimela changa."

Amai anaseka, ena mobisa pakamwa. A Ennie anapinda chithunzi chao n'kukachisomeka kudenga, komwe chinada ndi mwaye.

Maganizo ena anawapeza m'munda, akuzula mapesi a thonje nthawi yachisanu. Anakumbuka kuti tsiku limene anapsa, anathawila kwa azakhali ao, koma anapeza chitseko chotseka. Anathawilako chifukwa mwana aliyense ankadziwa lamulo lakale: ukabisala kumbuyo kwa munthu wamkulu n'kugwila chitenje chake, kholo lako silikukhudzanso, pakuti kutelo n'kumenya mkuluyo. Lamulolo silinafe. Linangosowa olikumbutsa.

Kuyambila pamenepo anasiya kulalikila amai. Ankaitana ana okulilapo, aja obwela kusikelo atabeleka ang'ono ao, n'kukhala nao pansi.

"Mukaona udzu ndi moto, musaime n'kumalila. Thamangilani kwa ine. Mugwile chitenje changa, musachisiye ngakhale ndikukalipileni."

Ankadziwanso nyengo yake. M'masika, nkhokwe zili zodzaza, palibe mwana amapsa. Ana amapsa nyenje zikamalila, nthaka itang'ambika, chakudya chikupelewela, nshawa za mbewu zitamatidwa ndi dothi mumphika kudikila mvula. Masabata amenewo a Ennie sankapita kutali. Dimba ankasiyila amuna ao, iwo n'kumasenda chinangwa pakhonde, chitseko chili chotsegula.

Koma chaka china chitsime cha pamudzi chinaphwa, ndipo madzi ankakafukula mumchenga wa kumtsinje, kutsidya kwa dambo. Tsiku lina masana, mitambo itayamba kuunjikana kum'mawa, a Ennie akubwela ndi ndowa pamutu, anaona kamtsikana kakuthamanga pakati pa nyumba. Anali Febby, wa zaka zisanu ndi ziwili, mwana wa a Keziah, mai wamasiye wokhala kumapeto kwa mudzi. Dzanja lake lamanja linali lokulungidwa ndi udzu, ndipo utsi unkamutsatila. Kumbuyo kunkabwela amake ndi chikuni.

Mwanayo anafika pakhomo pa a Ennie. Chitseko chinali chotseka, chifukwa a Ennie anachitseka okha kuopa nkhuku. Anachimenya ndi phewa, anayang'ana uku ndi uku, n'kuzimilila kuseli kwa nkhokwe.

A Ennie anataya ndowa. Dambo limene ankaliwoloka tsiku lililonse linatalika tsiku limenelo. Ziputu za udzu wopsa zinkawabaya kumapazi, mpweya unawathela, koma anathamangabe, akuwelenga mumtima nthawi imene udzu wouma umatenga kuti ufike pakhungu. Ankaidziwa bwino. Ndi yochepa.

Anawapeza kuseli kwa nyumba ya a Sophia, pamalo pofululila mowa. Mkono wa Febby unali mumgolo wa madzi mpaka m'chigongono, a Sophia ataupanikiza momwemo. Dzanja lina la mwanayo linali litagwila chitenje cha a Sophia molimba, mpaka mfundo yake inali pafupi kumasuka. A Keziah anali ataima patsogolo pao, chikuni chikufukabe.

"Ndipatseni mwana wanga, a Daka. Waboola mphika wa nshawa kunsi, wakhala akutapa mwezi wonse. Mbewu yonse yatha, kwatsala makoko. Mvula ndi iyo. Ndidzabzala chiyani, miyala?"

"Wagwila chitenje changa, amake Febby. Mukafuna kumutentha muyambe ine, ndili ndi mafuta ambili, ndiyaka bwino."

"Si inu munkati mankhwala amagwila?"

"Ndinkanena pansi pa mkuyu, ndi pakamwa. Uyu wandigwila ndi dzanja."

A Ennie anagwada pamgolo, natulutsa mkono wa mwanayo. Udzu unali wakuda kunsonga, wonyowa, womangidwa ndi luzi m'dzanja. Anamasula luzi ndi mano, nayamba kuchotsa udzu umodziumodzi. Chala chachikulu chinatuluka, kenako chinzake. Anazitambasula zonse zisanu, nayang'ana m'mipata mwake, natembenuza chikhatho.

"Funyata, mwanawe. Tambasula. Funyatanso."

Zala zonse zinamvela. Panali thuza limodzi lokha pamwamba pa chala chachikulu, laling'ono ngati nyemba.

Pamenepo a Ennie anangokhala pansi m'matope a pamgolo, akupuma ngati ng'ombe yochoka kungolo. Anaona kuti mapazi ao akutuluka magazi, ndipo sanasamale.

"Onani anesi athu," anatelo a Sophia, akumanganso chitenje. "Wodwala waima, iwo agona. Madzi anga ndatunga kuyambila m'mawa, tsopano akununkha utsi. Mowa wa Loweluka mudzamwa womwewu, osadandaula."

Chikuni chinagwa m'manja mwa a Keziah. Anakhala pansi nawonso, nafunda chitenje kumutu, nayamba kulila. A Ennie anasendela n'kukhala pambali pao mpaka kulilako kunachepa.

"Mukanamutentha, mbewu ikanabwela?" anafunsa motsitsa.

"Ayi."

"Ndiye tiyeni tikambe za mbewu."

Lachinayi lotsatila, sikelo isanapachikidwe, a Sophia anayala lichelo pansi pa mkuyu, namasula ngodya ya chitenje chao, nakhutulamo nshawa zodzaza manja awili, zoti a Keziah akabzale. Anayang'ana amai ena mmodzimmodzi mpaka aliyense anakumbuka kuti nayenso kunyumba ali ndi kamphika. Atatelo anauza ana kuti pakhomo pao palibe chitseko chotseka, popeza mowa suwalola kuchoka.

Zaka zotsatila a Ennie anayenda ndi nkhaniyi midzi yonse yozungulila, mpaka mawondo atayamba kuwavuta. Pamudzi uliwonse ankafuna mai mmodzi kapena awili osachokachoka, woumba mbiya, wofulula, wolela zidzukulu, n'kuwaonetsa kwa ana pamaso pa makolo ao. Si ana onse anapulumuka, ndipo iwo sankabisa zimenezo. Koma manja opsa anayamba kusowa pasikelo.

Chaka chija, thuza la Febby linaphulika tsiku lachitatu, n'kuuma lokha. Mvula yeniyeni inagwa patapita sabata, usiku ndi usana, mpaka inswa zinatuluka pachulu. Itakata, a Ennie akupita kudimba anadutsa pamunda wa a Keziah, nachepetsa liwilo. Mai anali patsogolo akutema mapando ndi khasu. Mwana ankatsatila ndi kambale, akuponya mbewu ndi dzanja lamanja n'kufotsela ndi chidendene.

"Ziwiliziwili paphando," anatelo a Keziah osatembenuka. "M'kamwa ayi."

"Ndamva, amai," anayankha Febby, tsaya limodzi lili lotupa pang'ono ndi nshawa.