Makina Opalasa a Telala

Ine ndimakonza nsapato pakona pa khonde, ndipo khomo loyandikana nane ndi la a Telala. Takhala choncho zaka makumi atatu ndi ziwiri. Sitiyankhulana zambiri. Za mumtima mwawo ndinkazimva pa makina awo opalasa ndi mapazi. Kukacha bwino, makinawo ankalira mofatsa. Kasitomala akawayankha mwano, ankapalasa ngati akuthawa njuchi, tebulo lonse kunjenjemera. Pakangotha mphindi khumi, umamva likhweru. Mkwiyo wathera mumpendero wa buluku la munthu.

Akazi awo ankakhala pafupi ndi zenera, kusokerera mabatani ndi kusita. Tonse timawatcha Mayi Mabatani.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawagulira makina amagetsi.

"Bambo, mwakula. Miyendo ipumeko," anatero.

Makina akalewo anakankhidwira kukona, kufunditsidwa nsalu, pamwamba pake nkumakhala ketulo. Atsopanowo ungogunda ndi chala cha kuphazi, buluku latha. A Telala anaonetsa aliyense, ngakhale ine amene sindinafunse.

Isanathe miyezi iwiri, likhweru linasowa. Anayamba kukalipira sizasi, choko, ngakhale ntchentche. Mayi wina anakalipiridwa chifukwa chiuno chake chinakula chimuyezereni. Kenako tsiku lina, pamaso pa makasitomala, anakalipira Mayi Mabatani chifukwa cha batani limodzi lopendekeka. Mayiwo anazimitsa simbi, natenga chikwama chawo.

"Abambo, zaka zonsezi simunandikalipirepo pa anthu. Ndikukakhala kwa mng'ono wanga. Mukawapeza amuna anga aja mundiitane. Awa ine sindikuwadziwa."

Mpando wa pazenera unakhala wopanda munthu milungu itatu. A Telala ankasokerera okha mabatani, onse opendekeka, popanda womukalipira.

Namwino uja anabwera ndi chopimira magazi, nawamanga pamkono.

"Magazi akuthamanga kwambiri, bambo. Mtima wadzaza, thupi langokhala. Muzithamanga m'mawa uliwonse, muzituluka thukuta."

"Ndizithamanga? Akundithamangitsa ndani?"

"Mukufuna amayi abwerere kapena ayi?"

Anathamanga ndithu. Anavala buluku losita, malaya opisira, nsapato zachikopa zimene ndinawakonzera ndine, tepi yoyezera ili m'khosi poti anaiwala kuivula. Anthu mumsewu sanamvetse. "Kwagwanji a Telala? Wakuba walowera kuti?" Ogulitsa zipatso awiri anasiya malonda awo nkuwatsatira kuti akathandize kugwira. Tsiku lachitatu anafika pakona panga akutsimphina, nsapato yayasama kutsogolo.

"Achimwene, kuthamanga nkwa anthu olakwa," anatero, naiponya pabenchi.

Lachiwiri lotsatira magetsi anathima m'mawa, suti ya mphunzitsi wina ili patebulo, mwini wake akubwera madzulo. Ndinamva ketulo ikutsitsidwa, tebulo likukokedwa. Kenako anasuzumira kwa ine, lamba wa makina akale ali m'manja, atauma nkuduka.

"Muli nacho chikopa chachitali?"

Ndinawadulira. Anathira mafuta, napalasa. Poyamba makina analira ngati chitseko chakale, kenako anakumbukira njira. Anapalasa m'mawa wonse, thukuta kamukamu, malaya kumamatira kumsana. Cha m'ma thuu koloko ndinaimitsa nyundo.

"Mwamva, a Telala?"

"Chiyani?"

"Likhweru."

"La ndani?"

A Telala anayang'ana mapazi awo ngati awaona koyamba, napitiriza kupalasa.

Magetsi anayaka madzulo omwewo, koma m'mawa mwake ndinamvanso chopondera chikugunda. Namwino atabwera anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndiye makina ndinagula aja?"

"Ndi abwino kwambiri, mwanawe. Amathamanga okha, ine amandisiya pambuyo."

Anawapima magazi bambo akewo, nayang'ana chopimiracho kawiri.

Loweruka Mayi Mabatani anafika pakona panga ndi nkhwaira yopanda vuto lililonse. Ndinaitembenuza uku ndi uku mwaulemu, iwo khutu lili kukhoma.

"Ayamba liti kuimba?"

"Lachiwiri, alamu."

"Tikaone ngati ndi iwo."

Analowa osaodira, nakhala pampando wawo, natenga malaya amene anali pamwamba. Ndinasendeza benchi langa kuti ndione bwino. Anasokerera batani mopendekeka mwadala, lopendekeka loti ndi wakhungu yemwe akanalimva ndi chala, nawaikira malayawo patsogolo.

A Telala analiyang'ana batanilo. Khosi linatupa. Anaika mapazi pa chopondera napalasa mwamphamvu, popanda nsalu, popanda ulusi, tebulo kunjenjemera mpaka sizasi kugwa pansi. Atatha anapuma mozama, napukuta thukuta ndi kachidutswa ka nsalu.

"Amayi, batanili lakhala mwa mtundu wake. Koma ketulo tiziyiika pati tsopano?"

Mayi Mabatani anaitola pansi, naikhazika pamwamba pa makina amagetsi. Kenako anayatsa simbi.