Agogo, mwagona

Loweruka lililonse ndinkaphunzitsa ana a pulayimale m'holo ya tchalitchi chathu ku Chipadze kupanga tinkhani toyenda pa kompyuta. Si ntchito yovuta. Mwana amakoka tizidutswa tamitundumitundu n'kutilumikiza ngati njerwa: aka kakuti yenda, aka kakuti nena, aka kakuti bwereza osaleka. Akatero, kamunthu ka pagalasi kamamvera. Magetsi okha ndiwo sankamvera munthu.

Ambiri mwa anawo anali zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzakumba migodi kuno kwa eni Chishona, monga bambo anga. Ndinawauza kuti tianthu tawo tizilankhula Chichewa. Anandiyang'ana ngati ndawatuma kukatunga madzi ndi dengu. Kumva amamva, koma pakamwa pamatuluka Chishona chokhachokha, ndipo mwana wanga wamkazi ndiye anali patsogolo. Zinkandipsetsa mtima kwabasi.

Ukali wangawo unali ndi pochokera. Bambo anali atatheratu ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, ndipo ankapempha chinthu chimodzi chokha: mdzukulu wawo awalankhuleko m'chinenero chawo asanatisiye. Iye akawaitana kuti sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, iwo ankangotembenukira kukhoma.

Mwanayo anayesetsa, ndisamunamizire. Anapanga kamunthu kovala chipewa cha nyali, kotsika m'dzenje n'kutulukamo katanyamula mwala. Pamwamba anaikapo kamtsikana kodikira, mawu akutuluka pakamwa pake. Sanandilole kuwaona mawuwo mpaka tinafika nayo kompyuta pamphasa ya bambo. Maso awo anali atafooka, choncho ndinawawerengera ndine: "Agogo, mwagona."

Mtima wanga unangoti zii. M'Chishona kugona ndi kutha kuchita chinthu. Iye ankafuna kunena kuti agogo, mwachita bwino. Anangotenga liwu la Chishona n'kuliveka malaya a kwathu.

Bambo ankachidziwa Chishona, anamva zimene ankatanthauza. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Sindinagone, mdzukulu wanga, ndikadali maso. Tanena ndi pakamwa pako, ngakhale moni chabe."

Mwanayo anazyolika, akukanda mphasa ndi chala. Ndinamugwedeza paphewa, mwina mopitirira. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Handigoni, sekuru." Kutanthauza kuti sindingathe.

Bambo tinawaika m'manda mvula isanayambe. Kuholo ndimapitabe, koma za Chichewa ndinaleka. Tianthu ta ana timalankhula Chishona ndi Chingerezi, ine n'kumawathandiza kukonza pamene kamunthu kakana kuyenda. Ndatopa, ndipo sindikuonanso amene ndingamakalambe ndikucheza naye m'chilankhulo cha bambo anga.

Nthawi zina ana akachoka ndimatsegula kankhani kaja. Mwana wanga anakatsekera m'kachidutswa kobwereza osaleka, ndiye kamunthu kamangotsika, kutuluka, kamtsikana n'kunena mawu omwe aja. Poyamba ndinkati ndidzawakonza. Pano palibenso chokonza, chifukwa agonadi.