Kanati Kamene Kanagwera mu Injini

Alamu anga, akulu ake a mwamuna wanga, anthu amawatcha a Zazing'ono. Chinthu chikangotsokomola pang'ono iwo amati, "Izi ndi zazing'ono," n'kukatenga sipanala. Anabwera kwathu ntchito yawo yaulonda itatha, ati adzangopumako pang'ono. Paja amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa dzuwa lawalephera. Si aulesi ayi, ndipo bola akanakhala aulesi. Manja awo amayabwa. Wailesi yathu anaitsegula ikulankhula, poitseka inali duu.

Ine ndimagawa buledi m'magolosale pa njinga yamoto. Njingayo ndi yanga, ndipo ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha iyo. Mwini bekale anandiuziratu kuti tsiku limene buledi adzachedwe, adzaika munthu wina.

Lamlungu masana ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva zitsulo zikulira pakhonde. Nditapita ndinapeza mpando wa njinga uli apo, thanki ili apo. Chivindikiro cha mavalavu, chija chimakhala pamwamba pa injini, anali atachichotsa n'kuchiika m'beseni langa lotsukira mbale, oyilo ali chuchuchu.

"Alamu, mukutani?"

"Imalira kuti tiki tiki, mlamu. Mavalavu akungofuna kukhudza pang'ono."

"Wakutumani ndani?"

Anali atawerama, akupisa kawaya m'bowo lomwe mumadutsa tcheni cha m'kati, thukuta lili kamukamu. Nditafunsa chimene akuwedza anati akupukuta. Kenaka anavindikira msangamsanga, n'kumanga mabawuti, n'kundiuza kuti ndidzawathokoza.

M'mawa njinga inalira bwinobwino. Ndinakweza makireti ku bekale, koma ndisanafike ngakhale pa golosale yoyamba, injini inakukuta ngati yatafuna mwala, n'kuzima. Ndinaikankha pamtunda, katundu ali pomwepo, dzuwa likundiwotcha m'khosi. Buledi anafika masana, anthu atagula kale kwina. Mwini bekale sanakalipe n'komwe. Anangotsitsa makireti ake n'kuitana munthu wina ine ndili chiimire.

Makaniko atatsegula injini anandiika m'manja kanati kotafunidwa. Anati tcheni chaduka, mavalavu apindika.

Kunyumba ndinakapeza alamu ali pampando wawo, mwamuna wanga ali pambali. Ndinakaika kanatiko pabondo pawo.

"Munakaona kakugwa?"

"Ndinakamva," anatero. "Koma ndimati kakafika pansi kakhala phee."

Apa m'pamene ndinapsa mtima zenizeni. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Koma munthuyu ankadziwa! Anandiona ndikukwera njinga ija, n'kundibayibitsa ndi dzanja lomwe lija. Ikanazimira pakati pa magalimoto bwanji? Ndinawalalatira mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba, ndipo palibe mawu amene ndikufuna kubweza.

Mwamuna wanga anandikokera kuchipinda.

"Mayi a ana, amene aja ndi akulu anga. Mwawachititsa manyazi pagulu. Pitani mukawapepese."

Ndinadikira kuti mwina afunsa za ntchito yanga, kapena za mapazi anga omwe anali atatupa. Anangoimirira atagwira chitseko, kudikira kuti ndituluke.

"Kawapepeseni inuyo," ndinatero. "Mukamaliza muwafunse chimene ana anu adye mawa."